Mabatire a kamera pa ntchito yolipidwa: orijino okhaokha kapena kusakaniza?

Wofunsa

Moni nonse akuluakulu, makamaka inu amene kujambula ndi kumene kumakudyetsani. Ndabwera ndi nkhani ya mabatire, ndipo ndikupempha maganizo a anthu amene anagwira nawo ntchito yeniyeni, kasitomala ali pamaso, osati zongomva.

Ndimajambula maukwati ndi misonkhano, ntchito zoyamba m'mawa n'kuweruka usiku. Kale ndinali pa Canon 5D Mark IV ndipo za batire sizinkandisowetsa tulo. Panopa kamera yanga yaikulu ndi EOS R6, 5D ija imangodikirira m'chikwama. Mabatire ake amalowerana, koma kadyedwe ka moto n'kosiyana kutalitali. Pa muyezo wa CIPA, umene makampani a kamera amayezera kukhalitsa kwa batire, 5D Mark IV imafika zithunzi pafupifupi 900 pa batire limodzi, pomwe R6 ili cha m'ma 500 ukamayang'ana pa sikirini, ndipo siyifika n'komwe 400 ukamasuzumira pa kagalasi ka diso. Izi ndinazivomereza, poti kamera yopanda galasi m'kati ngati R6 imakhala itayatsa sensa nthawi zonse.

Chimene chandisokoneza ndi china. Kupatula batire la Canon la LP-E6NH limene linabwera ndi kamera ndi ma LP-E6N akale, ndinawonjezera mabatire a kampani ina, amene pa chikopa analemba mAh (nambala yoonetsa kuchuluka kwa moto umene batire limasunga) yoposa ya Canon. Limodzi mwa amenewa linkaonetsa kuti moto udakalipo cha m'ma 40 peresenti. Akwati akuvekana mphete, kachizindikiro kanayamba kuphethira mofiira, kamera n'kuzima. Ndinasolola 5D n'kupulumutsa zotsalazo, koma dzanja la mkwati likulowetsa mphete ndilibe, ndipo silidzabwereranso. Batire lomwelo nditaliika pa tchaja kunyumba linadzadza msanga kwambiri, ngati silinathe n'komwe.

Ndiye ndithandizeni. Kodi vuto ndi batire limodzili, kapena onse a makampani ena ndi otero? Nanga manambala a mAh aja tiziwakhulupirira? Ndalama yogulira orijino (a Canon enieni) okhaokha ochuluka nthawi imodzi ndilibe, choncho ndikufuna kudziwa ngati kusakaniza kuli kwanzeru, komanso mmene ndingayesere batire ndisanapite nalo ku ntchito.

Wojambula maukwati kwa zaka zambiri

Pepani achimwene, ululu umenewo tikuudziwa. Ine lamulo langa ndi limodzi: pa mphindi zimene sizibwerezedwa, m'kamera mumakhala orijino lodzadza. Mwambo usanayambe ndimasintha batire ngakhale limene lilimo likadali pa theka. Sindidikira kuti lithe. A makampani ena ndimawagwiritsa ntchito pojambula magulu ndi zokongoletsa, pamene kamera itazima ndingathe kunena kuti dikirani pang'ono, aliyense n'kuima pomwe ali.

Pa R6 yanuyo pali chinanso choti muone. Mukaika pa H+ (kuwombera motsatizana mwaliwiro kwambiri) ndi shata ya makina, kachizindikiro ka H+ kakakhala kobiriwira ndiye kuti mukupeza zithunzi 12 pa sekondi. Batire likatsika kapena likakhala lofooka, kamasintha mtundu ndipo liwiro limatsika. Mabatire ena a makampani ena sakabiriwitsa ngakhale atangochoka pa tchaja. Yesani anuwo, kamera ikuuzani yokha.

Lowaninso m'menyu pa Battery info. Pali timabokosi titatu toonetsa thanzi la batire. Titatu tobiriwira, lili bwino. Tiwiri, layamba kutopa. Kamodzi kofiira, lipumitseni. Mungathenso kulembetsa mabatire mpaka 6 kuti kamera iziwakumbukira. Ma LP-E6N anu akalewo muwaone pamenepo, chifukwa orijino nalo limakalamba.

Mmisiri wa zamagetsi

Bambo, ndiloleni ndifotokoze chimene chinachitika m'kati mwa batire lanulo, chifukwa mukachimvetsa mudziyankha nokha mafunso enawo.

M'kachikopa kakudako muli maselo awiri a lithium-ion olumikizidwa motsatizana. Lililonse ndi la 3.6V, n'chifukwa chake panja palembedwa 7.2V, ndipo akadzadza amafika 8.4V. Mulinso kabolodi kakang'ono kamene kamateteza maselo komanso kulankhulana ndi kamera. Peresenti imene mumaona pa sikirini si kamera imene imayeza yokha, imadalira zimene kabolodiko kakunena. M'batire labwino kamawerengera moto wolowa ndi wotuluka. M'mabatire ambiri otchipa kamangoyerekeza.

Tsono selo likakhala lofooka kapena lokalamba, limaoneka lodzadza pamene likupuma, koma mukalipempha moto wambiri nthawi imodzi mphamvu yake imagwa pansi. Taganizani zimene kamera inkachita pa mphindi ija: ikutsatira diso la munthu, ikugwira chithunzi kuti chisagwedezeke, ikuwombera motsatizana, ikulemba pa makhadi awiri. Mphamvu itagwa kupitirira malire, kamera inazima kuti idziteteze. Ndipo poti maselo ndi awiri, limodzi lokha likafooka batire lonse lagwa. Kudzadza msanga pa tchaja kuja ndi umboni wake: simunalowe moto wambiri chifukwa malo ake ndi ochepa. Zili ngati ndowa yoti pansi pake padzadza mchenga, madzi amafika pakamwa msanga koma mukatunga ndi ochepa.

Za mAh. Malo a m'kachikopako ndi omwewo kwa aliyense. Canon anayamba ndi 1800 mAh pa LP-E6 mu 2008, anafika 1865 pa LP-E6N, kenako 2130 pa LP-E6NH mu 2020. Zaka 12 kuti awonjezere 330 yokha. Ndiye wina akalemba nambala yoposa pamenepo kutali m'chikopa chofanana kukula, mudzifunse kuti maselowo wawatenga kuti amene eni kamera alephera kuwapeza.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine si kuchepa kwa moto, koma kutentha. Batire labwino limakhala ndi kachipangizo komva kutentha, kamene kamauza tchaja kuti isiye likatentha kwambiri. Ena pofuna kutchipitsa amangoika kachinthu konamiza tchaja kuti zonse zili bwino nthawi zonse. Batire lotero likhoza kutupa. Likatupira m'kamera limakanirira osatuluka, ndipo polikanganula mumawononga chitseko ndi timapini. Muzitenga batire lililonse n'kuliika pa tebulo losalala. Likamagwedera kapena kuzungulira lokha mukalikankha, kapena likamalowa m'kamera mothina kusiyana ndi kale, latupa. Musalitchajenso, ndipo musaliponye m'zinyalala wamba kapena pamoto.

Kuyesa n'kosavuta. Tchajani mpaka lidzadze, ikani kamera pa vidiyo, sikirini yowala mofanana, n'kuwerenga nthawi mpaka izime. Ikaima yokha muziyambitsanso. Chitani chimodzimodzi ndi LP-E6NH lanu kuti mukhale ndi poyerekezera. Koma musamangoyang'ana mphindi zonse pamodzi. Muzisuzumira peresenti pafupipafupi n'kulemba. Batire lodalirika limatsika pang'onopang'ono mpaka pansi. Losadalirika limakhala pa 100 nthawi yaitali, kenako limadumpha. Kwa munthu wa ntchito, batire la mphindi zochepa koma lonena zoona ndi labwino kuposa la mphindi zambiri lonama.

Mayi wa situdiyo ndi vidiyo

Ndagwirizana ndi amisiri pa zonse, koma tisaike onse m'thumba limodzi. Pali magulu awiri osiyana. Pali makampani amene amapanga mabatire n'kulembapo dzina lawo poyera, monga Hähnel, Patona, SmallRig kapena Wasabi Power. Amenewa ali ndi dzina loti aliteteze, ndipo likavuta pali kokadandaula. Ndiye pali feki, lolembedwa Canon kapena Sony chonsecho si lawo. Amene wanama pa dzina sangalephere kunama pa zam'kati.

Ine ndili pa Sony ndipo ndimasakaniza popanda vuto. Amene tinayambira pa NP-FW50, kabatire ka 1020 mAh, timakumbuka kuyenda ndi thumba lodzadza. NP-FZ100 itabwera mu 2017 ndi 2280 mAh zinthu zinasintha, moti kamera ya a7 III imafika zithunzi 710 pa CIPA ukamagwiritsa ntchito sikirini. Mu situdiyo, pamene kamera ikazima ndimangosintha n'kupitiriza, sindiona chifukwa chogulira orijino okhaokha.

Chenjezo langa ndi la firmware, pulogalamu ya m'kati imene imayendetsa kamera. Kamera imafunsa batire kuti ndiwe yani, ndipo mukaikamo firmware yatsopano, batire limene dzulo linkagwira bwino likhoza kuyamba kutulutsa uthenga wochenjeza kapena kusiya kuonetsa peresenti. A Nikon Z8 ambiri anazionera mu 2023, kamera ikukana mabatire ena amene ankagwira bwinobwino m'makamera akale. Choncho musasinthe firmware mawa lake muli ndi ntchito, ndipo mukasintha yesaninso mabatire onse.

Wofunsa

Zikomo kwambiri nonse. Amisiri, mwandifotokozera ndendende zimene ndinaona. Mayi, nkhani ya feki ija yandiopsa, chifukwa kugula feki pa mtengo wa orijino ndi kuluza kawiri. Mumalizindikira bwanji?

Mayi wa situdiyo ndi vidiyo

Ndi maso okha n'zovuta masiku ano achimwene, anthuwa amakopera mpaka kachizindikiro konyezimira ka pa paketi. Komabe liikeni pambali pa limene linabwera ndi kamera yanu, poti limenelo mukudziwa gwero lake. Yang'anani kuthwa kwa zilembo, mtundu wa sitika, msoko wa pulasitiki pamene zidutswa ziwiri zakumana, ndi timapini. Liyezeninso pa sikelo yaing'ono. LP-E6NH limalemera pafupifupi magalamu 80, ndiye likapepuka moonekera pali chimene chasowa m'kati. Mukaliika m'kamera ya Canon n'kukufunsani ngati batirelo lili ndi chizindikiro cha Canon, pomwe palembedwadi Canon, bwezani. Koma chitetezo chenicheni ndi kumene mwagula: wogulitsa wovomerezeka ndi kampaniyo, risiti m'manja. Pa misika ya pa intaneti yoti aliyense amaika katundu wake, muziona kuti wogulitsa weniweni ndi ndani, osati dzina la tsamba lokha. Mtengo ukatsika modabwitsa, dutsani.

Wojambula nyama zakutchire ndi maulendo

Ndiwonjezere za kasamalidwe, poti ngakhale labwino mukhoza kulipha nokha. Kutentha ndi mdani wamkulu, musasiye chikwama m'galimoto yotseka padzuwa. Mukadziwa kuti mukhala nthawi osagwira ntchito, sungani mabatire ali cha pa theka, osati odzadza kapena otheratu. Kumalo ozizira kwambiri batire limaoneka ngati latha msanga, koma mukaliika m'thumba la m'kati pafupi ndi thupi limabwezako mphamvu.

Okwera ndege, mabatire apadera saloledwa m'chikwama chopita kunsi, amayenda nanu m'manja. Malire odziwika ndi 100 Wh (muyezo wa mphamvu yonse imene batire limasunga), ndipo athuwa ali cha m'ma 16 Wh, ndiye palibe vuto, bola timapini tikhale tophimbidwa kuti tisakhudzane ndi makiyi kapena ndalama zachitsulo. Kachivindikiro ka Canon kophimba timapini kali ndi kabowo kooneka ngati batire: lodzadza mumaliveka kuti buluu azioneka pa kabowoko, lotha mumatembenuza. Mu mdima wa holo kumathandiza kwambiri.

Wojambula maukwati kwa zaka zambiri

Chimodzi ndinaiwala. Ngati mukuganiza zodzakwera kupita pa R5 Mark II, dziwani kuti inabwera mu 2024 ndi LP-E6P, limene mAh yake ndi 2130 yomweyo koma limatha kutulutsa moto wambiri nthawi imodzi. Mukaikamo akale, zinthu zina za kamerayo zimatsekeka. Ndiye pogula orijino watsopano ganizirani zimenezo, muone pa tsamba la Canon ngati R6 yanu ikufunika firmware kuti ligwire mokwanira. Apa ndi pomwe mungaone kuti mfundo ya amisiri ndi yoona: nambala ya pa chikopa ndi imodzi, koma ntchito yosiyana.

Ndipo lembani manambala pa mabatire onse ndi tsiku logula, muziwasinthasintha kuti asamatope amodzimodzi.

Wofunsa

Ndamva. Ndigula orijino limodzi panopa, lina ntchito ikubwerayi ikalipira. Lozima lija ndalichotsa m'chikwama, mnzakeyo ndimuyesa pa vidiyo monga anenera amisiri ndisanaganize zomusunga. Funso lomaliza: pa misonkhano yaitali kamera ili pa miyendo itatu, kodi power bank ingandithandize?

Mmisiri wa zamagetsi

Ingathandize, bola ikhale ya USB-C yokhala ndi Power Delivery (PD, njira yotumizira moto wamphamvu pa USB-C), pamodzi ndi chingwe chabwino. Ya foni wamba yopanda PD kamera siyiimva. Batire liyenera kukhalabe m'kati, ndipo kamera ikayaka imadya moto wa power bank koma batirelo silitchajika, mwinanso limatsikako pang'ono. Limatchajika mukaizimitsa. LP-E6NH ndi LP-E6N amalola kutchajira m'kamera, LP-E6 loyamba lija ayi. Mangani chingwecho ku mwendo wa kamera ndi tepi, chifukwa munthu akachikoka podutsa chimene chimathyoka ndi polowera pa kamera, ndipo kukonza pamenepo ndi ntchito yaikulu.