Dripper ya khofi: ya pulasitiki, ya dothi kapena yachitsulo?

kapu_yammawa:
Abale ndithandizeni maganizo. Alamu anga akubwera kuchokera ku Joni mwezi wamawa ndiye ndawatuma dripper yosefera khofi ija yotchedwa V60 ya kampani ya Hario, saizi 02, koma anditumizira zithunzi pa WhatsApp akuti ilipo ya pulasitiki, ya dothi, ya galasi komanso yachitsulo, mutu wangoima. Ine mtima uli pa ya dothi yoyera ija, kukongola kwake eee. Ndimamwa khofi wa ku Mzuzu kapu imodzi mmawa basi. Kakomedwe kamasiyanadi kapena ndi zamaso chabe?

wakuchiperoni:
Achimwene tengani ya pulasitiki musavutike. Kapangidwe ndi kamodzi zonsezo, kupendekeka kwa madigiri 60 komwe kunabweretsa dzinalo, mizere yokhota mkati ndi bowo limodzi lalikulu pansi, ndiye madzi amatsika chimodzimodzi, nkhani yatsala ndi ya kutentha basi. Khofi amafuna madzi a madigiri 90 mpaka 96, ndiye ya dothi ija ndi yolemera, ikakhala yozizira imayamba yamwa kutentha konse khofi asanalawe nkomwe, makamaka mu June kuno ku Blantyre chiperoni chikagwa, mumangodabwa khofi akuwawasa ngati mwafinyiramo ndimu. Pulasitiki siyiba kutentha choncho, komanso ndi yotchipa pa zonse. Ine ya dothi ndinali nayo, mwana anangoigunda ndi chigongono pa sinki, simenti sinachite chisoni, sinathe ndi miyezi itatu yomwe.

mayi_awiri:
Koma inu musawaopseze anzanu kkkk. Yanga ya dothi ili chaka chachinayi ilibe ndi mng'alu womwe. Pepala losefera loika mu dripper lija si mumayenera kulitsuka kaye ndi madzi owira kuti fungo lichoke? Ingothirani ambiri, dripper ndi kapu zitenthere limodzi, mwathana nazo. Ndipo zimenezi amaumba ku Arita ku Japan, kumene akhala akuwotcha mbale zadothi kwa zaka zoposa 400, si zapamsika ayi. Ine madzi owira pa pulasitiki tsiku ndi tsiku mtima umakana ndithu, olo anene kuti anaipangira zotentha, komanso ikakalamba imachita timing'alu ndi kuda. Ya galasi yokha ndiye ayi, mavuto a ya dothi onse ili nawo.

mjomba_wa_khofi:
Ngati mumayendayenda yachitsulo ndi dilu, mumangoponya mchikwama. Imatentha msanga poti ndi yopyapyala koma imatayanso kutentha msanga. Chenjerani alamuwo asakugulireni sefa yachitsulo ya timabowo yosafuna pepala ija, imeneyo ndi ina, mafuta ndi nsenga zimadutsa, khofi amakhala wolemera pakamwa. Koma zonsezi mukukangana zazing'ono, chachikulu auzeni mapepala a 02 atenge mapaketi angapo a 100 aja, kuno kuwapeza ndi ntchito, ndipo asasokoneze ndi a ma dripper ena a Kalita Wave kapena a Melitta, sakhala bwino mu V60. Magalamu 15 a khofi pa madzi 250 ml muyambire pamenepo.

kapu_yammawa:
Zikomo nonse, za mapepalazi sindinaganizeko nkomwe. Kwathu kuli ana atatu ndipo pansi ndi simenti, ndawauza atenge ya pulasitiki, ndalama yotsalayo ipite ku mapepala. Mayi_awiri pepani, ya dothiyo ndidzagula ana akadzapita ku boarding.