Dera likuoneka pa sikirini koma Solr sikulipeza

Wa ku Bvumbwe: Akuluakulu, ndithandizeni. Kaundula wa alimi a tiyi a bungwe lathu ndinamuika mu Solr, pulogalamu ya pa kompyuta yofufuzira marekodi. Ndikalemba dzina la mlimi akutuluka bwinobwino, dera lake lili pomwepo, Masambanjati. Koma ndikafufuza dera:Masambanjati sikutuluka munthu olo mmodzi. Mlangizi akufuna mndandandawu Lolemba, akagawire feteleza.

Wa ku Luchenza: Achimwene, tationetsani mzere wa field ya dera mu schema, fayilo imene imauza Solr mmene isungire gawo lililonse (field) la rekodi.

Wa ku Bvumbwe: name="dera" type="text_general" indexed="false" stored="true"

Wa ku Luchenza: Vuto ndi limenelo. Stored ndi indexed ndi zinthu ziwiri zosiyana. Stored imasunga mawuwo momwe munawalembera kuti adzakubwezereni mukampeza mlimiyo, n'chifukwa chake mukuona Masambanjati pa sikirini. Indexed ndiyo imapangitsa Lucene, imene ili pansi pa Solr, kuduladula mawuwo n'kulemba pa mndandanda wina kuti liwu lakuti lili m'marekodi akutiakuti. Pofufuza imayang'ana pa mndandanda umenewu basi, sitsegula rekodi imodziimodzi. Zili ngati mafayilo a alimi ali m'kabati koma kalaliki sanawalembe m'buku la pa tebulo. Wobwera kudzafunsa za dera abwerera chimanjamanja, fayilo ili chikhalire m'kabatimo.

Wa ku Bvumbwe: Ndasintha indexed kukhala true, ndapanga reload. Palibebe.

Wa ku Chitakale: Sizingatuluke achimwene. Kusintha schema sikukhudza marekodi amene analowa kale. Muyenera kuwalowetsanso onse. Koma musanayambe, kodi pali field ina imene ili stored="false"?

Wa ku Bvumbwe: Ilipo achemwali, ya ndemanga za alangizi. Ndi zazitali, ndimafuna kusunga malo pa disiki. Ndimaganiza zongotulutsa zonse mu Solr momwemo n'kubwezeramo.

Wa ku Chitakale: Chonde musatero. Ndemangazo Solr imatha kuzifufuza koma singakubwezereni, ilibe mawu ake athunthu. Ine zinandionekera chaka chatha, ndinataya zimene anzanga analemba nyengo yonse ya mvula, ndipo ndinakhala masabata awiri ndikukopera m'makope onyowa. Mpaka lero zimandiwawa. Tengani kuchokera ku database yanu yeniyeni. Atomic update, njira yosinthira gawo limodzi lokha la rekodi, nayonso muisamale, chifukwa imamanganso rekodi yonse ndi zimene zili stored kapena docValues (kasungidwe kena kothandiza posanja ndi powerengera), zotsalazo zimasowa osakuuzani.

Wa ku Luchenza: Zoona. Ndipo ngati mlangizi adzafune kuwerenga alimi dera ndi dera, pangani copyField, lamulo lokopera dera kupita ku field ya string (yosunga dzina lathunthu osalidula) yokhala ndi docValues. Text_general imadula dzina la mawu awiri pakati, kuwerengako kumasokonekera.

Wa ku Bvumbwe: Ndalowetsanso zonse kuchokera ku MySQL, database yathu yeniyeni ija, a ku Masambanjati atuluka, a ku Thekerani nawonso. Ndemanga ndaziika stored="true", disiki ndigula ina. Za copyField ndichita mawa, batire la laputopu latsala pang'ono. Zikomo kwambiri akuluakulu.