Kodi "machila" poyamba inali nsalu kapena chonyamulira munthu?

Akuluakulu, ndithandizeni. Ife a masiku ano tikamva "machila" timaganiza za chonyamulira wodwala, kapena chija atsamunda ankagonamo anyamata atasenza mtengo wake pamapewa. Koma m'mbiri ya ku chigwa cha Shire mawu omwewa amatchula nsalu ya thonje yomwe Amang'anja ankaomba pamanja. Kodi ndi mawu amodzi? Chinayamba kutchedwa choncho n'chiti?

Nkhaniyi ikundikhudza chifukwa ntchitoyo sinali yamasewera. David Livingstone atakwera Shire mu 1859 anapeza thonje likulimidwa m'midzi yambiri, anthu akupota ulusi ndi kuomba nsalu. Analemba mayina a mitundu iwiri ya thonje: tonje manga, lochokera kunja, ndi tonje kaja, la konkuno, la ulusi waufupi koma wolimba. Ndipo Apwitikizi a ku Sena ndi Tete anali atayamba kale kugula nsalu zimenezi zaka zambiri iye asanafike. Lero ku Nsanje ndi Chikwawa thonje likulimidwabe, koma woomba nsalu m'mudzi sumupeza.

Wa ku Nsanje:
Achimwene, kwathu akuluakulu amanena kuti nsalu ndiyo inayamba. Ine ndikuona kuti nzomveka: chonyamuliracho chinali nsalu yokhuthala yomangirira kumtengo, ndiye dzina la nsalu linapita pa chinthu chonsecho. Nsaluyo itasiya kuombedwa, dzina linatsalira pa chonyamulira chokha. Musaiwalenso kuti oomba anali amuna. Ankakhoma zikhomo pansi, n'kuyala ulusi, n'kukhala pamenepo masiku ambiri kuti nsalu imodzi ithe. Nsaluyo inkagwira ntchito ngati ndalama posinthana katundu mumtsinje wa Zambezi.

Wa ku Zomba:
Bambo, funso lanu landikumbutsa kuti ntchitoyi sinafe yokha. M'zaka za 1862 ndi 1863 chigwacho chinasakazidwa ndi chilala pamodzi ndi ogwira akapolo, midzi yambiri inatsala mabwinja. Kenako kunadzaza nsalu za kumakina, merikani ndi zina zochokera ku India ndi ku Britain, zomwe masitolo a Mandala ndi a amwenye ankagulitsa motchipa. Munthu amene wathera masabata pa nsalu imodzi akanapikisana nawo bwanji? Msonkho wa nyumba utabwera, anthu ankafuna ndalama yamsanga. Bungwe la British Cotton Growing Association, lomwe linakhazikitsidwa mu 1902, linkafuna thonje losapota kuti lipite ku mafakitale a ku Lancashire, ku Britain. Mlimi anatsala ndi khasu basi, ulusi n'kumapotedwa kutsidya la nyanja.

Wofunsa:
Zikomo nonse awiri. Mayi a ku Zomba, zimene mwanenazi zikundiwawa mumtima, chifukwa zinachitikanso kachiwiri. Fakitale ya David Whitehead itatsegulidwa ku Blantyre mu 1967, thonje lathu linayambanso kusanduka nsalu kunokuno, anthu ambiri n'kupeza ntchito. Kaunjika ndi zitenje zotchipa zakunja zitadzaza m'misika, fakitaleyo inafooka mpaka inagulitsidwa mu 2003. Ine sindivomereza kuti kuomba pamanja n'kutsalira. Ku India boma limathandizabe oomba pamanja mpaka lero, ndipo anthu mamiliyoni amadyera momwemo.

Achimwene a ku Nsanje, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukapita kumudzi, mukafunse agogo amene alipo ngati akukumbukira mayina a zipangizo zoombera, makamaka chopotera ulusi ndi mtengo womenyera ulusi kuti uthinane. Mukafunsenso ngati machila onse anali oyera, kapena analipo ena onyika kuti ade.