Laputopu ikunyerenyetsa m'manja ikakhala pa chaja

Moni nonse akuluakulu. Ndili ku Chilenje, Lusaka. Laputopu ya aluminiyamu ikunyerenyetsa zala ikakhala pa chaja, makamaka ukaponda pasimenti wopanda nsapato. Ukazula chaja zimasiyiratu.

Chaja choyamba chinali cha mapini awiri, chopanda earth (waya wotayira magetsi m'nthaka). Multimeter (choyezera magetsi) inaonetsa pafupifupi 110V AC pakati pa laputopu ndi paipi yachitsulo ya madzi, theka la 230V ya pasoketi, ndiye ndikuganizira kuti magetsiwo akudutsira mu Y-capacitor, kachipangizo kosefa magetsi ka m'chajamo. Ndagula cha mapini atatu, ndasintha soketi, ndachotsa extension, koma sizinasinthe. Apa mpomwe ndikuda nkhawa: mwina waya wa earth m'nyumbamu sunalumikizidwe n'komwe.

Kodi soketi ndingaiyeze bwanji mosaika moyo pachiswe? Ndipo earth rod (chitsulo cha earth chokhomedwa m'nthaka) ikapezeka yadzimbiri, kusintha yokhayo n'kokwanira? Chonde thandizeni.