Zithunzi zanga za ku Elephant Marsh zonse mbuu: ndi lenzi kapena ndine?

WaMaukwati:
Akuluakulu, ndigaireniko nzeru ndisanagulitse lenzi pamtengo wolira. Ine ntchito yanga ndi maukwati ndi zinkhoswe kuno ku Blantyre, koma bwana wina wa loji wandipatsa ntchito yojambula mbalame za ku Elephant Marsh, dambo lalikulu lija la ku Lower Shire. Akufuna zithunzi 12 zoti asindikize zikuluzikulu, apachike m'chipinda chodyera. Ndinavomera ndisanaganize n'komwe, ndalama sikanidwa.

Ndinagula lenzi ya Sigma 150-600 yogwirapo kale ntchito, kamera ndi Nikon D7200. Loweruka ndinatsika ku Chikwawa, kukambirana mtengo ndi mwini bwato kunatenga nthawi, m'madzi tinalowa 10 koloko itadutsa. Ndabwerako ndi zithunzi pafupifupi 900. Pakamera zimaoneka bwinobwino, kungoziika pakompyuta zonse mbuu. Akakowa ndiye ayera mbee ngati ufa woyera, nthenga osaoneka ndi imodzi yomwe. Ndinali pa Aperture Priority (pomwe kamera imasankha yokha shutter), f/6.3, 600mm pafupifupi nthawi yonse, ISO 400, shutter imasewera pakati pa 1/1000 ndi 1/2000. Amene anandigulitsa lenziyu wandipusitsa? Kapena ndiwonjezere teleconverter, kagalasi kowonjezera kukoka kwa lenzi, poti mbalamenso zimatuluka zing'onozing'ono?

Kachulu_Lens:
10 koloko, mu Okutobala, ku Lower Shire? Achimwene, munapita kukajambula kapena kukaotcha kamera?

MadalaWaFilimu:
Musamuseke mwanayu, tonse tinadutsa momwemo. Lenzi musagulitse kaye. Tsegulani zithunzi khumi zoipitsitsa, muzikulitse mpaka 100%, mundiuze chimene mukuona. Matenda ake alipo atatu ndipo safanana.

Ngati mbalame ili mbuu koma bango la kutsogolo kwake kapena la kumbuyo likuoneka bwino, ndiye kuti focus inagwira polakwika. Ngati diso la mbalame lakokeka kumbali imodzi, ngati munthu wadutsitsa chala pa inki yosauma, kumeneko ndi kugwedezeka, kaya kwa manja kaya kwa bwato. Koma mukapeza kuti palibe paliponse pooneka bwino, kutsogolo ayi, kumbuyo ayi, ndipo bango loongoka likuoneka lokhotakhota ngati mukuliona kudzera m'madzi, ameneyo ndi mpweya wotentha. Ndi uja timauona ukuvina pamwamba pa tala masana. Lenzi ya ndalama zingati siingauchotse.

Kenako mawa m'mawa cha m'ma 6, matani nyuzipepala pakhoma, imani mamita 15, kamera pa tripod, OS (yoletsa kugwedezeka ya mu lenzi) muzimitse, mujambule ndi timer pa 600mm, china f/6.3 china f/8. Zilembo zikawerengeka, wogulitsa uja mumusiye.

WaMaukwati:
Madala, ndaona. Zambiri ndi zachitatuzo, bango lachita kupindika. Zina zochepa focus inagwira namasupuni wa kutsogolo. Nyuzipepala ndayesa lero, zilembo zonse zikuwerengeka, pa f/8 ndiye bwino kwambiri. Ndachita manyazi, munthu uja ndinali nditamulembera kale uthenga wokalipa, mwayi sindinatumize.

MadalaWaFilimu:
Ndiye teleconverter iwalani. Ya 1.4 idzasandutsa f/6.3 yanu kukhala f/9, kuwala kuchepe ndi theka, focus iyambe kusakasaka. Ndipo choipa chachikulu n'chakuti idzakunyengererani kujambula mbalame zili kutali, pomwe vuto lanu ndi mtunda womwewo. Pa D7200, 600mm ikuona ngati 900mm kale. Chilichonse chili pakati pa inu ndi mbalame chikukulitsidwa, mpweya wovinawo limodzi. Mbalame ili mamita 60 masana simungaipulumutse. Yomweyo pa mamita 12 m'mawa, ngakhale pa 400mm, bwana wanu akhoza kusindikiza kukula ngati chitseko.

MlondaWaShire:
Ine si wojambula weniweni, ndimayendetsa alendo pa boti mu Shire cha ku Liwonde, koma ojambula ndanyamula ambiri ndipo ndimaona amene amabwerako akumwetulira. Mwezi uno dzuwa likutuluka 5 koloko itangodutsa pang'ono. Inu nthawi imeneyo muzikhala muli kale m'madzi. Ndiye kuti kunyamuka ku Blantyre tsiku lomwelo sikungatheke, kagoneni ku Nchalo kapena ku Bangula, mtengo wa bwato mukambirane dzulo lake. Ikamakwana 8, ku Lower Shire ntchito yatha, kutentha kwa mwezi uno kumadutsa madigiri 40 masiku ena.

China chimene ojambula ambiri saganiza ndi mbali imene mwalowera. Mukakwera bwato kumbali ya msewu wa M1 n'kumalowa m'dambo, mwalunjika kum'mawa, dzuwa lili kumaso. Mbalame iliyonse ikhala chithunzithunzi chakuda. Muuzeni wopalasa akupititseni mkati kukadali chisisira, kenako mutembenuke muzibwerera dzuwa lili kumsana. Iye sangadziwe zimenezi ngati simunamuuze, ntchito yake ndi nsomba.

Ndipo mukhale naye bwino wopalasayo. Amadziwa chitsa chimene nkhwazi imatera m'mawa uliwonse, amadziwa kumene akakowa amagona, amadziwanso mvuu ya ukali ili khwawa liti. Mukamulipira pa ola adzakuzungulitsani, mukamulipira pa ulendo adzathamanga. Ine ndimati mugwirizane za m'mawa wonse, muwonjezere kangachepe akakufikitsani pafupi mbalame osauluka.

Kachulu_Lens:
Chabwino, ndasiya zoseka, ndinene za akakowa opsawo poti ku Chilwa kuwajambula ndi ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Kamera yanu sinalakwe, inachita zimene munailamula. Inayang'ana chithunzi chonse, n'kuona bango ndi gumbwa zakuda zadzaza paliponse, n'kuganiza kuti kwada, n'kuwonjezera kuwala. Kakowa ndi kadontho chabe pakati, ndiye anapsa. Inu a maukwati mukuzidziwa bwino izi, ndi diresi la mkwatibwi ataima pakati pa azibambo a masuti akuda. Kusiyana kwake kakowa simungamuuze kuti aimenso.

Pa Aperture Priority tsitsani exposure ndi -1, nthawi zina mpaka -1.7 ngati kumbuyo kuli mthunzi. Koma ine zimenezo ndinasiya chifukwa mbalame ikangouluka kuchoka pa bango kupita kumwamba, kamera imasinthanso maganizo. Ndimaika Manual. Ndimapeza mbalame yoyera imene yawalidwa ndi dzuwa, kujambula, kuyang'ana Highlights pa sikirini, chenjezo lija lophethira pamalo popsa. Pakamaphethira pa nthenga ndimakweza shutter mpaka kuphethirako kuthe. Basi, ndimasiya pomwepo, kumangoonanso pakatha mphindi khumi poti m'mawa kuwala kumakwera msanga. Dzuwa likakhwima ndimapezeka ndili cha pa f/8, ISO 400, 1/3200 kwa mbalame yoyera.

Funso: munajambula RAW, mafayilo aakulu aja osunga zonse zimene kamera yaona?

WaMaukwati:
JPEG. Khadi inali imodzi, ndimaopa kudzaza.

Kachulu_Lens:
Ndiye 900 zija zalirani maliro. Mu RAW tikanabweza nthenga pa zina. Zithunzi 200 za RAW zikukwanirani, simukujambula perekaniperekani.

MadalaWaFilimu:
Pa focus yogwira namasupuni: chotsani Auto-area, ikani kadontho kamodzi ka focus kapena d9 (timadontho 9), pa AF-C yotsatira mbalame ikamasuntha. Pambali pa Sigma yanuyo pali kabatani ka malire a mtunda. Mukaika pa 10m mpaka kutali, lenzi siidzavutikanso ndi udzu umene uli pamphuno pa bwato. Ingokumbukirani kubweza mbalame ikayandikira, ine ndinataya kingfisher atatera pafupi ngati ndimugwire, lenzi ikukana.

AchemwaliKuKapa:
Ndalowa mochedwa, ndinali ku ntchito. Ine ndimajambula kuno ku Western Cape ku South Africa, makamaka ku Langebaan, ndipo vuto la mpweyali kuno liliponso, pamatope madzi akaphwa. Kusiyana kwake ife wotilamula ndi nyanja, osati wotchi yokha. Pa kanyumba kobisalamo ka ku Geelbek ukafika madzi ataphweratu, mbalame zili kutali ngati nyerere. Akadzaziratu, zathawa. Umafuna nthawi imene madzi akuzikankhira kwa iwe. Kwanuko mulibe zimenezo, koma nzeru yake ndi yomweyo: mbalame ibwere yokha. Pezani pamene zikudya, bwato mulilowetse m'bango lisasunthe, mukhale chete theka la ola. Jacana uja woyenda pamasamba amaiwala msanga kuti pali munthu.

Tripod m'bwato musayerekeze, imatenga kugwedezeka konse kwa bwato n'kukupatsira m'kamera. Ine ndimasoka kathumba, kuthiramo mpunga makilogalamu awiri, kuika pabondo kapena m'mphepete mwa bwato. Khalani pansi penipeni, kamera ikhale pafupi ndi madzi. Chithunzi chojambulidwa diso kwa diso ndi mbalame, kumbuyo kumasungunuka bwino, pomwe mukaimirira kumbuyo kumakhala matope ndi zinyalala.

Ngati galimoto yanu ili ndi AC, zimitsani mukamayandikira. Lenzi yozizira ikakumana ndi chinyezi cha dambo imachita nthunzi, mphindi zabwino zija n'kuthera kupukuta.

MlondaWaShire:
Achemwali, za kamera pafupi ndi madzi ndikuvomera, koma zigongono zikhale m'kati mwa bwato. Shire si Langebaan. Ng'ona za kumeneko sizidziwa Nikon. Ndipo zotsika m'bwato kuti muyende m'madzi ayi, kupatula ng'ona kuli likodzo.

AchemwaliKuKapa:
Zoona achimwene, ndazolowera kuno kumene choopsa ndi mphepo ndi mchere basi.

Chembe_Shots:
Bwanji mukuvutika chonchi? Bwana akufuna zithunzi 12 zokongola. Bwerani ku Cape Maclear, anyamata a maboti aimba likhweru, aponya nsomba, nkhwazi itsika mamita 15 patsogolo panu. Kuponya kasanu, chithunzi cha pakhoma mwapeza. Kasitomala sadzafunsa.

Kachulu_Lens:
Adzafunsa mlendo wake. Munthu wodziwa mbalame akangoona madzi obiriwira mbee ndi miyala ya pachilumba cha Thumbi kumbuyo adziwa kuti si dambo limenelo. Loji ikugulitsa Elephant Marsh, mukapachika nyanja mwamunamiza bwanayo. Komanso nsomba yoponyedwa imaoneka, imayandama chagada, yowuma gwa.

Chembe_Shots:
Pophunzirira ndiye palibe poposa pamenepo. Munthu sanajambulepo mbalame ikuuluka, mukufuna akaphunzirire pa ntchito ya kasitomala?

MadalaWaFilimu:
Apo Chembe wanena zoona pang'ono, koma pophunzirira safunika ulendo wa ku Mangochi. Akhwangwala a ku Limbe ndi aulere, ndipo ndi akuda ndi oyera, mayeso abwino a exposure. Za nyambo ine sindichita, ena amachita, tisakangane pano.

Chimene ndikukanizani ndithu n'china. Miyezi ino madzi atsika, ndipo pamchenga wa m'mitsinje ndi pamene African skimmer amaikira mazira, pansi penipeni, popanda chisa. Mukaona mbalame yakuda kumsana, yoyera kumimba, mlomo wofiira wam'munsi wautali kuposa wam'mwamba, ikuzungulira bwato n'kumalira, bwererani. Make akachoka pa mazira dzuwa la kumeneko, mphindi zochepa zokha mazira aphikika. Wopalasa akafuna kukusangalatsani adzamenya nkhafi pabwato kuti mbalame ziuluke mujambule. Mukanizeni poyamba pomwe. Dambo la Elephant Marsh linalowa m'ndandanda wa Ramsar, wa madambo ofunika padziko lonse, mu 2017 chifukwa cha mbalame zomwezo. Njovu zimene David Livingstone anaziona kumeneko mu 1859, dzina n'kuchokera pomwepo, zinatha kalekale.

MlondaWaShire:
Ndipo musatengeke ndi nkhwazi yokha, loji iliyonse ili nayo pakhoma. Funsani za openbill, dokowe wakuda uja mlomo wake sutsekeka pakati, amadya nkhono. Atsekwe, avuwo mukawapeza, nantchengwa ali pachisa chake chachikulu chija. Wopalasa mayina a Chingerezi sawadziwa, ndipo ambiri kumeneko amayankhula Chisena, mayina ena ndi osiyana ndi athu. Muonetseni zithunzi pafoni usiku wake, adzakuuzani yekha kuti iyi ili kwakuti.

WaMaukwati:
Ndabwerako akuluakulu. Ndinagona ku Nchalo masiku awiri. Tsiku loyamba tinalowa m'madzi 4:45, kukadali mdima, udzudzu ukuchita ngati walipidwa. Wopalasa anali bambo wachikulire, nditamuonetsa zithunzi pafoni anangoseka, akuti mbalame zimenezi amazipirikitsa pa ukonde tsiku lililonse. Anatilowetsa m'kakhwawa kena, n'kukanikiza bwato m'bango, n'kundiuza kuti ndisatsokomole. Tinakhala mwina mphindi 25. Kakowa wamkulu anatera pafupi moti pa 600mm samakwana, ndinabweza kufika 380mm. Manual, f/8, ISO 800, 1/1600. Pakompyuta nthenga iliyonse ikuoneka payokha, mpaka kadontho ka madzi kunsonga kwa mlomo.

Ndinayesa dala kujambulanso 9:30 mbalame ili kutali, kuti ndione. Mbuu yemweuja. Ndiye Madala munalondola.

Zolakwika zilipo. Dzuwa litakwera ndinaiwala kuonanso Highlights, akakowa a cha m'ma 7 apsa pamsana, koma poti ndi RAW ena ndawabweza. Kathumba ka mpunga kananyowa tsiku loyamba lomwelo, ndinawasiyira bambo aja. Zouluka ndalephera zonse, mapiko okhaokha opanda mutu. Ndili ndi zithunzi 9 zimene ndingapereke osachita manyazi, zitatu zatsala.

Funso lina: madzi analowa pang'ono m'bwato, chikwama chinanyowa pansi. Lenzi ndaipukuta, ikugwira bwino. Ndiisunge bwanji?

AchemwaliKuKapa:
Ichotseni m'chikwamamo lero lomwe, chikwama chiume pachokha padzuwa. Lenzi muitambasule mpaka 600mm, zivindikiro zonse muchotse, igone pamalo podutsa mphepo usiku umodzi. Kenako m'kontena yotseka bwino ndi timapaketi ta silica gel. Mvula ikayamba muziitulutsa sabata iliyonse ione kuwala, nkhungu ikamera m'kati mwa galasi ndiye mudzaigulitsadi pamtengo wolira uja.

Kachulu_Lens:
Zitatu zotsalazo akhwangwala kaye, sabata yathunthu, d9 ndi 1/2500. Mukayamba kupeza mitu mutiuze.