Kodi ndalama zambiri zipite ku processor kapena ku graphics card?

Mphatso:
Moni nonse. Ndakhala ndikusunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti ndidzilumikizire ndekha kompyuta yosewerera magemu, ndipo tsopano nthawi yogula zipangizo yakwana, koma pali chinthu chimodzi chimene chikundizunguza mutu. Sikirini imene ndili nayo kale ndi ya 1440p yofika pa 144 Hz, ndipo magemu amene ndimakonda kwambiri ndi aja okhala ndi malo aakulu oyendamo monga Cyberpunk 2077, ngakhale kuti madzulo ena ndimasewera Counter-Strike 2 ndi anzanga. Poyamba ndinatsimikiza mtima kugula processor ya Ryzen 7 7800X3D chifukwa kulikonse anthu akuiyamikira, koma nditawerengetsera bwino ndapeza kuti ndikatero, ndalama zotsala zingokwanira graphics card ya memory ya 8 GB. Njira ina ndi yogula Ryzen 5 7600 pamodzi ndi card ya 16 GB monga Radeon RX 7800 XT. Palinso mnzanga amene akundikakamiza kuti nditenge processor ya Intel ya soketi (malo olowetsapo processor pa motherboard) ya LGA1700 kuti ndigwiritsebe ntchito RAM yanga yakale ya DDR4. Inu amene mudalumikizapo kale makompyuta otere, chonde mundiunikire.

Dalitso:
A Mphatso, yankho lili pa sikirini yanu yomweyo. Sikirini ya 1080p ili ndi timadontho topanga chithunzi 2,073,600, pamene ya 1440p ili ndi 3,686,400, ndipo ntchito yojambula timadontho tonseto kambirimbiri pa sekondi iliyonse ndi ya graphics card, osati ya processor. Ntchito ya processor m'gemu ndi kuwerengera zimene zikuchitika, monga kayendedwe ka adani, kugundana kwa zinthu ndi malamulo a gemuyo, kenaka n'kuuza card zoti ijambule. Card ikakhala yofooka, processor imamaliza gawo lake msanga n'kumangodikirira, ndiye kuti mphamvu imene munaigula modula imangokhala osagwira ntchito.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri pa njira yanu yoyamba ndi 8 GB ija. Magemu atsopano akuluakulu, mukawatsegula pa 1440p ndi zithunzi zapamwamba, amatha kudzaza memory yonse ya card yotere, ndipo ikadzaza card imayamba kubwereka malo mu RAM ya kompyuta, imene imaifikira mochedwa kwambiri. Zotsatira zake si kungochepa chabe kwa liwiro, koma gemu imayamba kudodomadodoma, kapena makoma ndi zovala za anthu zimaoneka zosalala ngati sizinamalizidwe kujambulidwa. Vuto limeneli silithetsedwa ndi processor iliyonse, ngakhale yodula chotani. Ryzen 5 7600 ili ndi ma core 6 ndi ma thread 12, ndipo ndi yokwanira kuyendetsa RX 7800 XT popanda kuibwezera m'mbuyo pa magemu ngati amene mwatchulawo. Ine ndikanakhala inu, ndikanatenga njira yachiwiriyo mosakayika.

Tiyamike:
Ndikugwirizana ndi a Dalitso pa mfundo yaikulu, koma sindikufuna kuti muchoke ndi maganizo oti anthu amene amayamikira 7800X3D amangotengeka. Chimene chimaisiyanitsa ndi L3 cache ya 96 MB, poyerekeza ndi 32 MB ya 7600. Cache ndi kamemory kofulumira kwambiri kokhala mkati mwa processor momwemo, ndipo kakakhala kakakulu, processor sifunika kupita ku RAM pafupipafupi kukatenga zimene ikufuna. Phindu lake limaonekera kwambiri m'magemu ampikisano amene anthu amatsitsa dala kukongola kwa zithunzi kuti apeze FPS (chiwerengero cha zithunzi pa sekondi) yochuluka, komanso m'magemu oyerekezera kuulutsa ndege kapena kumanga mizinda, momwe processor imawerengera zinthu zambirimbiri nthawi imodzi. Koma sikirini yanu imaonetsa zithunzi 144 zokha pa sekondi, ndipo 7600 imapitirira pamenepo mosavuta mu Counter-Strike 2, choncho gawo lalikulu la phindu la X3D simungalione ndi maso.

Pa za mnzanu uja, ndikupemphani muganizire za mawa. Soketi ya LGA1700 inathera pa mibadwo itatu ya Intel, wa 12, wa 13 ndi wa 14, ndipo ma Core Ultra amene anatuluka mu 2024 amafuna soketi ina, ya LGA1851. Pamene AM5, soketi ya AMD imene 7600 ndi 7800X3D zimagwiritsa ntchito, inayamba mu 2022, ndipo AMD inalengeza kuti idzapitiriza kuitulutsira ma processor mpaka 2027 ngakhalenso kupitirira apo. Zimenezi zikutanthauza kuti mukagula 7600 lero pa motherboard ya B650, pakapita zaka zingapo mutha kungoichotsa n'kuikapo ya X3D, osasintha motherboard kapena RAM. Anthu amene anali ndi soketi yakale ya AM4 anachita zomwezo pamene 5800X3D inatuluka mu 2022. N'zoona kuti AM5 imalandira DDR5 yokha, ndiye DDR4 yanuyo muyenera kuisiya, koma sikungakhale kwanzeru kuti chipangizo chimodzi chakale chikusankhireni maziko a kompyuta yonse.

Chisomo:
Popeza za processor zakambidwa mokwanira, ine ndingowonjezera pa zipangizo zimene ambiri amaziganizira pomaliza ndalama zitatha kale. Gulani RAM ya 32 GB yokhala timitengo tiwiri ta 16 GB, ya DDR5-6000, ndipo pa motherboard ya mipata inayi muike pa mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerengera kuchokera pa processor, pokhapokha buku la motherboardyo litanena zina. Mukamaliza kulumikiza, lowani mu BIOS (mosinthira makonzedwe a motherboard) n'kuyatsa EXPO, imene imachititsa RAM kuyenda pa liwiro lake lonse, chifukwa popanda kutero RAM imayenda pa liwiro lotsika kuposa limene lalembedwa pa paketi, ndipo anthu ambiri amakhala miyezi osadziwa.

Pa power supply, chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta, ndipo ndikupemphani kuti musaumire. AMD imalangiza ya 700 W pa RX 7800 XT, choncho ya 750 W yochokera ku kampani yodziwika ikupatsani mpata wokwanira. Dziwaninso kuti chizindikiro cha 80 Plus Bronze kapena Gold chimangonena za kuchuluka kwa magetsi amene satayika ngati kutentha, sichitsimikizira kuti zam'kati mwake ndi zolimba, ndiye yang'ananinso kutalika kwa chitsimikizo chimene opanga apereka. Power supply yosalongosoka ikafa imatha kuonongera limodzi zipangizo zina zimene munazivutikira. Posungira magemu tengani SSD ya NVMe yosachepera 1 TB, ndipo musanagule kesi yezani kutalika kwa card, chifukwa ena a ma fani atatu amapitirira masentimita 30.

Mphatso:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditsegula maso. Ndatsimikiza kutenga 7600, motherboard ya B650 ndi card ya 16 GB, ndipo DDR4 ija ikhalabe m'kompyuta yakale. Funso langa lomaliza ndi lakuti, kodi ndigulenso choziziritsira processor chapadera, kapena chimene chimabwera m'bokosi ndi chokwanira?

Chisomo:
Ryzen 5 7600 ndi ya 65 W ndipo imabwera ndi choziziritsira cha Wraith Stealth, chimene n'chokwanira kuyambira nacho, ngakhale kuti fani yake imamveka gemu ikafika povuta. Onetsetsani kokha kuti simunasokoneze ndi 7600X, chifukwa imeneyo ndi ya 105 W ndipo m'bokosi mwake mulibe choziziritsira. Ma X3D nawonso amabwera opanda choziziritsira, ndiye tsiku limene mudzasinthe processor ndi limene mudzafunike kugula chachikulu.