Makanema a Tom Mix: anthu akuyenda ngati akuthamangitsidwa, vuto n'chiyani?

Wa ku Ulongue:
Akuluakulu, thandizeni. Ndapeza makanema awiri osalankhula a Tom Mix, mkulu wa pakavalo uja wa m'makanema akale a ku America, oti ndikawonetse ku vidiyo. Koma anthu ake akuyenda mothamanga modabwitsa. Kodi fayilo ndi yowonongeka? Nanga makanema ake ena ali kuti?

Wa ku Moatize:
Fayilo ilibe vuto, achimwene. Kamera za nthawi imeneyo ankazipukusa ndi dzanja, ndipo zinkajambula zithunzi pafupifupi 16 mpaka 20 pa sekondi. Makanema olankhula atabwera, muyeso udakhala 24. Tsono wa 18 ukamuseweretsa pa 24, aliyense amangoti psuu. Mu VLC, pulogalamu yoseweretsera makanema, tsitsani liwiro lifike 0.75 ngati ndi wa 18, kapena 0.67 ngati ndi wa 16. Koma musatsitse chisawawa, mafayilo ena adakonzedwa kale. Yeserani pamalo pomwe munthu akuyenda wapansi kapena akutsegula chitseko, osati pa mpikisano wa akavalo, chifukwa pamenepo ojambula ankapukusa pang'onopang'ono dala kuti kavalo awoneke waliwiro.

Wa ku Furancungo:
Za ena aja musavutike kusaka, ambiri kulibenso. Mix adabadwa mu 1880 ku Pennsylvania, nakhwimira ntchito ya akavalo pa 101 Ranch ku Oklahoma. Adayamba makanema ndi kampani ya Selig, n'kupita ku Fox mu 1917. Adasewera pafupifupi 290, koma filimu ya nthawiyo inali ya nitrate, yomwe imawola ikakhalitsa, ndipo ikagwira moto madzi sazimitsa. Mu 1937 nkhokwe ya Fox ku Little Ferry, New Jersey, idapsa, zambiri n'kuthera momwemo. Zomwe zidatsala yesani Sky High wa 1922, wojambulidwa ku Grand Canyon, ndi The Great K & A Train Robbery wa 1926. Kavalo wake Tony naye anali katswiri, dzina lake linkalembedwa pamapepala otsatsa.

Wa ku Tsangano:
Bambo, konzeraninso wofotokozera. Mawu olembedwa pakati pa zithunzi ndi a Chingerezi, ndipo kuno ambiri sukulu adaphunzira m'Chipwitikizi. Wofotokozera awonere kaye yekha, alembe mawuwo m'Chinyanja, apo ayi chithunzi chimadutsa iye akali kuwerenga. Asabwerezenso nthano zija zoti Mix adamenya nkhondo m'maiko akutali, zidapekedwa ndi otsatsa. Usilikali adalowadi mu 1898, koma kunkhondo sadapite, ndipo mu 1902 adathawa ntchitoyo. Ana akafunsa za imfa yake: pa 12 Okutobala 1940 galimoto yake ya Cord idagubuduzika pafupi ndi Florence ku Arizona, sutikesi yachitsulo yomwe inali kumbuyo n'kumuthyola khosi.